Mutu 7: Kwa Maganga, Kumene Malire Ali Pamadzi

Tikamva za malire a dziko, ambiri timaganiza za Mchinji, Dedza, Mwanza kapena Songwe: chipata, mbendera ziwiri, mdipiti wa mathiraki ndi munthu wodinda mapasipoti. Kwa Maganga, m'boma la Salima, simuona zimenezi. Komabe derali ndi la m'malire, chifukwa madzi amene anthu ake amamwa, kusamba, kuchapira ndi kuphamo nsomba ndi omwewo amene amagunda magombe a Mozambique ndi Tanzania.

Dera la Mfumu Yaikulu Maganga lili kum'mawa kwa boma la Salima. Msewu wa tala wochoka pa bomapo umathera ku Senga Bay, mtunda wa makilomita pafupifupi 20. Kumeneko kuli mahotela ndi malo ogona alendo, kuli asilikali, kuli ofesi ya kafukufuku wa nsomba, komanso kuli madooko monga la Nguwo kumene usipa umatsika m'mamawa. Ayao, Achewa ndi Atonga amene makolo awo anabwera kudzasodza amakhala mosakanikirana. Chakummwera kuli mathiriro a mtsinje wa Linthipe, ndipo moyang'anizana nawo muli zilumba za Maleri, Nankoma ndi Nakantenga. Kunja kukayera, mapiri a tsidya amaoneka bwino. Amene ali moyang'anizana ndi Senga Bay ndi a kwa Makanjira, m'boma la Mangochi, koma kuseri kwake ndi chakumpoto kwake ndi chigawo cha Niassa cha dziko la Mozambique, kumene kuli madooko a Meponda ndi Metangula.

Mutu uno ukukamba za zinthu zosatchuka zimene zimasunga moyo wa anthu ndi wa nyanja: zimbudzi, mipopi, ngalande, motaya zinyalala ndi zitseko zoletsa madzi. Zinthu zimenezi zimamangidwa ndi ndalama za dziko limodzi, motsata malamulo a dziko limodzi. Koma matope, matenda, nsomba ndi kukwera kwa madzi sizifunsa kuti dziko lathera pati.

Mzere umene unajambulidwa kutali

Malire a panyanjayi sanapangidwe ndi anthu okhala m'mphepete mwake. Pa 1 Julaye 1890, Britain ndi Germany anasaina pangano la Heligoland-Zanzibar, limene linaika malire a kumpoto m'mbali mwa gombe la kum'mawa. Pangano limeneli ndi limene dziko la Malawi limagwiritsa ponena kuti madzi onse a kumpoto ndi ake, pamene Tanzania imati malire ayenera kudutsa pakati pa nyanja. Mkanganowu unabukanso mwamphamvu boma la Malawi litapereka chilolezo chofufuza mafuta ku kampani ya Surestream mu 2011. Atsogoleri opuma a mu Africa, motsogozedwa ndi a Joaquim Chissano a ku Mozambique, anayesa kuyanjanitsa mbali ziwirizi, koma zokambiranazo zinaima mu 2014 popanda chomanga.

Mbali ya Mozambique ndi yosiyana. Britain ndi Portugal anayamba kugwirizana za malire mu 1891, ndipo mu 1954 anagwirizananso kuti mzere udutse pakati pa madzi, kupatula zilumba za Likoma ndi Chizumulu zimene zinatsalira mbali ya kuno ngakhale zazunguliridwa ndi madzi a Mozambique. Ndiye msodzi wochoka ku Senga Bay akalowera kumpoto chakum'mawa kutsata usipa usiku, akhoza kuwoloka mzerewo osadziwa. Palibe chikwangwani, palibe mtengo, palibe mwala.

Mapangano onsewa anayankha funso limodzi lokha: madziwa ndi a yani? Funso lakuti adzawasamala ndani silinafunsidwe.

Zimene Linthipe amatsitsa

Kuti timvetse chifukwa chake uve wolowa m'nyanja ndi nkhani yaikulu, tiyenera kudziwa mmene nyanjayi imapumira. Kutalika kwake ndi makilomita pafupifupi 580, ndipo pena imazama mamita 700. Mitsinje yolowamo ndi yambiri: Ruhuhu wa ku Tanzania amene ndi wamkulu mwa yonse, Songwe, Rukuru, Dwangwa, Bua, Linthipe ndi ina. Wotulukamo ndi umodzi basi, Shire, ndipo umatenga gawo lochepa la madzi. Ochuluka amachoka ngati nthunzi dzuwa likawomba. Nthunzi imanyamula madzi okha, dothi, feteleza ndi zonyansa zimatsalira. Choncho chimene chalowa m'nyanjayi chimakhalamo zaka mazanamazana.

Kwa Maganga ndi kumene kumathera ngalande ya chigawo chapakati. Mtsinje wa Linthipe umachokera ku mapiri a Dedza, n'kulandira Diamphwe, kenako mtsinje wa Lilongwe umene umayambira m'nkhalango ya Dzalanyama, m'malire a Mozambique, n'kudutsa pakati penipeni pa likulu la dziko. Mitengo ya ku Dzalanyama yakhala ikutha ndi makala mpaka mu 2015 asilikali anatumizidwa kukailondera. Kumene mitengo yatha, mvula imakokolola nthaka. M'njira monsemo anthu amalima mpaka m'mphepete mwa mtsinje. Mu mzinda wa Lilongwe, nyumba zolumikizidwa ku mapaipi a zonyansa opita ku malo oyeretsera a ku Kauma ndi zochepa. Anthu ambiri amadalira zimbudzi zokumba, ndipo zinyalala za m'misika zambiri zimathera m'ngalande.

M'dzinja zotsatira zake zimaoneka ndi maso. Madzi ofiira amatuluka pa mathiriro a Linthipe n'kufalikira mpaka ku zilumba za Maleri. Zilumbazi ndi gawo la Lake Malawi National Park, imene inakhazikitsidwa mu 1980 ndipo bungwe la UNESCO linaiika pa mndandanda wa chuma cha dziko lonse lapansi mu 1984 chifukwa cha mbuna, tinsomba tamawangamawanga timene sitipezeka kwina kulikonse. Mbuna zambiri zimadya ndere zomera pamiyala. Matope akakuta miyalayo ndi kutchinga kuwala, chakudya chawo chimachepa. Mpasa nayo, imene imakwera mitsinje ngati Linthipe ndi Bua kukaswana pa timiyala ta pansi pa madzi oyera, imapeza malo ake atakwiririka.

Palinso mapepala a pulasitiki. Boma linaletsa majumbo opyapyala mu 2015, makampani opanga anakatenga ziletso kukhoti, ndipo mu 2019 khoti lalikulu la apilo linagamula kuti lamulolo ligwire ntchito. Pamene milandu inkayenda, majumbo, mabotolo ndi matewera a ana otaya zinkatsikabe ndi madzi. Mwera ukawomba zimakankhidwira kumpoto, mpoto ukabwera zimabwerera, ndipo zina zimakatsamira pagombe la dziko lina. Munthu wa kwa Maganga sanataye zambiri mwa izi, koma ndiye amazitola m'khoka.

Chimbudzi pamchenga

Vuto lachiwiri ndi la pakhomo pomwepo. Kumtunda, munthu akakumba dzenje la chimbudzi m'dothi la katondo limakhala zaka. Kunyanja nthaka ndi mchenga, ndipo madzi a pansi ali pafupi. Ukakumba pang'ono mchenga umagumukira mkati, ukapitiriza wapeza madzi. Chimbudzi chomangidwa m'chilimwe chimatha kutitimira mvula yoyamba ikagwa. Banja limene lagwetsedwa chimbudzi kawiri kapena katatu limagwa ulesi, ndipo amene amalinena kuti ndi lauve nthawi zambiri sanayesepo kukumba pamchenga.

Njira zolimbitsira dzenje zilipo. Ena amayala njerwa mozungulira kuchokera pansi, dzenjelo likumka lichepa kukamwa. Ena amalowetsa migolo, matayala akale kapena nkhokwe yoluka ndi nsungwi. Palinso zimbudzi zokwezeka zimene sizikumbidwa n'komwe: zonyansa zimagwera m'chipinda cha njerwa pamwamba pa nthaka, amathiramo phulusa, ndipo zikauma zimasanduka manyowa. Zonsezi zimafuna simenti, njerwa ndi mmisiri, kutanthauza ndalama zimene banja la msodzi limaziona mwa apo ndi apo. Alangizi a zaumoyo amaphunzitsanso kuti chimbudzi chitalikirane ndi chitsime kapena mjigo mamita 30. M'midzi yothithikana ya m'mbali mwa gombe, kumene malo ambiri abwino anagulidwa ndi eni mahotela ndi nyumba zopumulirako, mamita 30 amenewo sapezeka.

Padooko vutoli limakula. Usipa ukagwa, anthu amachuluka mwadzidzidzi: alovi (ogwira ntchito m'maboti a asodzi) ochokera ku maboma ena, amayi ogula ndi kuyanika nsomba pa matandala, a geni ochokera ku Lilongwe, ophika tiyi ndi nsima, anyamata onyamula mabeseni. Ambiri ndi odutsa, ndipo wodutsa samanga chimbudzi. Alovi a ukonde wa chilimira amakhala pamadzi usiku wonse ndi nyali zawo. M'boti mulibe chimbudzi, ndipo madzi akumwa amatunga pomwepo. Dooko likakhala ndi chimbudzi cha onse, chimafuna wochisesa, madzi osamba m'manja ndi wochipopa chikadzaza. Zimbudzi zambiri zotere m'madooko a nyanjayi zinamangidwa ndi mabungwe, zinatsegulidwa ndi nthungululu, ndipo zinatsekedwa pamene panasowa wolipira wosesa.

Matenda owoloka pabwato

Mu Malichi 2022 matenda a kolera anabuka ku Machinga. Kale kolera ankabwera ndi mvula n'kutha nayo, koma ulendo uwu anapitirira m'chilimwe, n'kufalikira m'maboma a m'mphepete mwa nyanja monga Nkhata Bay, Nkhotakota, Salima ndi Mangochi. Pa 5 Disembala 2022 boma linalengeza kuti mliriwu ndi ngozi ya zaumoyo yogwera dziko. Pofika pakati pa 2023, anthu oposa 58,000 anali atadwala ndipo oposa 1,700 anali atamwalira. Kolera woopsa chotere anali asanaonekepo m'mbiri ya Malawi. Salima, boma la anthu oposa 478,000 malinga ndi kalembera wa 2018, linali m'gulu la maboma amene anakhudzidwa kwambiri.

Tsidya la nyanja nkhani inali yomweyo. Mu Seputembala 2022 dziko la Mozambique linapeza wodwala kolera woyamba m'boma la Lago, m'chigawo cha Niassa, lomwe likulu lake ndi Metangula. Magombe awiriwa ndi olumikizana ndi ukwati, chibale, chipembedzo ndi malonda. Chiyao ndi Chinyanja zimayankhulidwa mbali zonse. Maboti amanyamula anthu, nsomba, chimanga, shuga ndi simenti, ndipo ambiri amakocheza pamalo pamene palibe wa zaumoyo. Munthu akhoza kumwa madzi oipa tsidya lina, n'kuyamba kutsegula m'mimba ali tsidya lino. Achipatala a Malawi amatumiza malipoti awo ku Lilongwe, a ku Niassa amatumiza ku Lichinga ndi Maputo, chonsecho zipatala zawo zayang'anizana pamadzi amodzi.

Pali phunziro limene linachokera ku nyanja ya Chilwa, imenenso ili m'malire a Mozambique. Mu 2016, pofuna kufikira asodzi okhala m'zimbowera, tinyumba ta pamadzi pakati pa nyanja, achipatala anawamwetsa katemera woyamba wa kolera n'kuwapatsa wachiwiri kuti akamwe okha nthawi yake ikakwana. Anazindikira kuti msodzi sangadikire pamzere wa chipatala nsomba zikudutsa, ndiye thandizo liyenera kumutsata.

Likodzo nalo ndi mwana wa vuto lomweli. Mazira a tizilombo take amalowa m'madzi kudzera mu mkodzo kapena chimbudzi cha wodwala, tizilomboto timakulira mu nkhono, kenako timaboola khungu la aliyense wolowa m'madzimo. Ofufuza ku Chembe, ku Cape Maclear, anaona kuti nsomba zodya nkhono zitachepa chifukwa cha kupha mopyola muyeso, nkhono zinachuluka ndipo likodzo linakwera. Makoka a maso ang'onoang'ono ndi maneti a udzudzu amene amakokolola ana a nsomba m'madzi osaya akuchotsanso alonda amene ankatiteteza. Mankhwala a praziquantel amene ana amalandira kusukulu amachiza, koma mwana akabwerera m'madzi omwewo amatenganso.

Nyanja ikabwerera kwawo

Chaka chilichonse nyanja imakwera kuyambira m'dzinja mpaka cha mu Epulo kapena Meyi, kenako imatsika, kusiyana kwake kukhala pafupifupi mita imodzi. Koma palinso kukwera ndi kutsika kwa zaka zambiri. Kuyambira 1915 mpaka 1935 nyanja inatsika kwambiri moti Shire anasiya kutulutsa madzi. Cha mu 1980 inakwera mpaka mamita 477 kuchokera pa mulingo wa nyanja yamchere. M'zaka za m'ma 1990 inatsikanso, ndipo cha mu 2016 ndi 2017 kuchepa kwa madzi kunabweretsa kuzimazima kwa magetsi m'dziko lonse.

M'zaka zimene nyanja inathawa, anthu anaitsatira. Pamchenga umene unatsala panamangidwa nyumba, mabala, malo ogona alendo, mipanda ndi zimbudzi. Mu 2024 madzi anakwera kupitirira mamita 476, mulingo umene unali usanaonekepo kwa zaka zambiri, ndipo m'maboma a Salima, Mangochi ndi Nkhotakota nyumba ndi mahotela zinalowa madzi. Akuluakulu anati madzi saiwala khwawa. Bungwe loyang'anira madzi la National Water Resources Authority, limene linabadwa ndi lamulo la madzi la 2013, linakumbutsa anthu kuti malo a pansi pa mzere wa mamita 477 ndi a nyanja, sayenera kumangidwapo. Koma mzere umenewu, monga wa malire uja, suoneka pansi. Wogula puloti saudziwa, ndipo wogulitsa alibe chifukwa chouloza.

Madzi akalowa m'mudzi sagwetsa makoma okha. Amadzaza maenje a zimbudzi ndi matanki a zonyansa a m'mahotela, n'kutulutsa zam'katimo kupita nazo ku zitsime ndi kunyanja.

Eni malo ambiri analoza chala ku Liwonde, kumene kuli zitseko za Kamuzu Barrage zomangidwa mu 1965, nati zitsegulidwe kuti madzi apite. Koma amene amagwira zitsekozo ali pakati pa mavuto awiri. Akatsegula kwambiri, madzi amawononga malo opangira magetsi a Nkula, Tedzani ndi Kapichira, amamiza minda ndi midzi ya ku Chikwawa ndi Nsanje, n'kupitirira ku Mozambique kumene Shire amathira mu Zambezi. Akatseka, akulira ndi a kunyanja. Komanso mvula yochuluka imene imakweza nyanja imagwa kumpoto, mbali ina m'mapiri a Tanzania. Ndiye kutalika kwa madzi pakhonde la munthu wa kwa Maganga kumadalira mvula ya dziko lina kumtunda ndi chitetezo cha dziko linanso kumunsi.

Paipi yopita ku likulu

Pamene Lilongwe akutsitsira matope ake ku Salima, akuyang'ananso ku Salima komweko kuti apeze madzi akumwa. Madamu awiri a Kamuzu a ku Malingunde sakukwaniranso mzinda umene anthu ake anafika pafupifupi miliyoni imodzi pa kalembera wa 2018. Mu 2016 kampani ya Khato Civils inapatsidwa ntchito yopopa madzi m'nyanja, kuwayeretsa ku Lifuwu, kumpoto kwa Senga Bay, ndi kuwakweza mapiri a Dowa mpaka ku Lilongwe, mtunda wa makilomita oposa 100. Poyamba mtengo wake unali pafupifupi madola 500 miliyoni a ku America, kenako unatsitsidwa kufika pa 315 miliyoni. Mu 2017 bungwe la maloya la Malawi Law Society linapita kukhoti podandaula kuti ntchitoyi ikuyamba kafukufuku wa mmene idzakhudzire chilengedwe asanachitike. Milandu ndi kusowa kwa ndalama zinaichedwetsa zaka zambiri.

Ntchitoyi ikutiphunzitsa zinthu ziwiri. Choyamba, likulu silingathenso kuona uve wa mu Linthipe ngati vuto la anthu a kunyanja okha, chifukwa madzi amene lidzamwe adzatungidwa m'chigawo chomwecho cha nyanja. Madzi akachuluka matope ndi ndere, mtengo wowayeretsa umakwera, ndipo umakaonekera pa bilu. Chachiwiri ndi nkhani ya chilungamo. Bungwe la Central Region Water Board limapereka madzi a m'mipopi ku Salima ndi ku Senga Bay, koma mabanja ambiri a m'midzi ya m'gombe amadalirabe mijigo, zitsime ndi nyanja yeniyeniyo. Ngati luso ndi ndalama zokwezera madzi mamita oposa 500 kupita kumtunda zapezeka, n'kovuta kufotokozera mayi wa kwa Maganga chifukwa chake mpopi sungafike pamudzi umene uli pamphuno pa madziwo.

Magombe atatu, wolondera palibe

Nyanja zina zazikulu za mu Africa zili ndi mabungwe oziyang'anira. Mayiko a Burundi, Congo, Tanzania ndi Zambia anasaina pangano la nyanja ya Tanganyika mu 2003, ndipo bungwe lake lili ku Bujumbura. Nyanja ya Victoria ili ndi bungwe la nsomba ku Jinja ndi lina la madzi ku Kisumu. Anthu a kumeneko anaphunzira mowawa: zonyansa za m'mizinda ndi feteleza zinadetsa madzi, namasupuni anatseka madooko m'zaka za m'ma 1990, ndipo mitundu yambiri ya nsomba inatha. Kutali ku America, mayiko a United States ndi Mexico anakhazikitsa banki yapadera, North American Development Bank, kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990, kuti izilipira mapaipi a madzi ndi malo oyeretsera zonyansa m'matauni a m'malire awo. Anaona kuti dziko lolemera silingadziteteze ku uve wa mnansi wake pomanga mpanda.

Nyanja ya Malawi ilibe bungwe lotere la mayiko atatu. Mapangano okhudza madzi alipo: la SADC la mitsinje ndi nyanja zogawana la 2000, ndi la chigwa cha Zambezi la 2004 limene linabala bungwe la ZAMCOM. Malawi ndi Tanzania ali ndi bungwe limodzi loyang'anira mtsinje wa Songwe. Mozambique inateteza mbali yake ya nyanja mu 2011. Koma aliyense ali ndi malamulo ake a nsomba, nyengo yake yotsekera ndi maso ake a ukonde ovomerezeka. Kuno makoka amaletsedwa mu Novembala ndi Disembala kuti chambo chiswane, koma nsomba ndi asodzi amayenda, ndipo ukonde woletsedwa gombe lina umakagwira ntchito gombe lina.

Chodabwitsa n'chakuti kugwirira ntchito limodzi kunayesedwapo, ndipo likulu lake linali kwa Maganga komweko. M'zaka za m'ma 1990, akatswiri a Malawi, Mozambique ndi Tanzania anakhala ku Senga Bay pansi pa SADC, poyamba kuwerengera nsomba za pakati pa nyanja, kenako kufufuza zamoyo ndi ukhondo wa madzi mothandizidwa ndi thumba la Global Environment Facility. Sitima yawo ya kafukufuku inkatchedwa Usipa. Zambiri zimene tikudziwa za matope a Linthipe ndi kapumidwe ka nyanjayi zinachokera pamenepo. Ndalama za ntchitoyo zitatha, bungwe lokhalitsa silinabadwe, ndipo mkangano wa malire utabukanso, nkhani ya kusamalira limodzi inakankhidwira kumbuyo.

Phunziro la ku Mbenji

Si zonse zimene zikudikira atsogoleri a mayiko. M'boma la Salima lomweli, m'dera la Mfumu Yaikulu Makanjira (osati wa ku Mangochi uja), muli chilumba cha Mbenji. Kuyambira m'zaka za m'ma 1950, mafumu a kumeneko amatseka chilumbachi m'dzinja, kuyambira Disembala mpaka Epulo, ndipo palibe amaponya ukonde. Nthawi yotsegula ikafika, msodzi aliyense, kaya wachokera kuti, amatsata malamulo a pachilumbapo, kuphatikizapo loletsa mowa ndi njuga, ndipo wolakwa amathamangitsidwa. Utaka wa ku Mbenji ndi wodziwika ndi kukula kwake. Lamuloli lakhala zaka zonsezi chifukwa aliyense amadziwa mwini wake, amadziwa chilango chake, ndipo amaona phindu lake m'bwato.

Lamulo la nsomba la 1997 linatsegula njira yoti anthu a m'madooko azitenga nawo mbali kudzera m'makomiti a m'gombe. Makomitiwa amadziwa boti lililonse lofika ndi kumene lachokera. Atapatsidwa mphamvu ndi gawo lodziwika la ndalama zimene zimatoleredwa padooko, akhoza kulipira wosesa chimbudzi, kugula kolorini wothira m'zigubu za alovi asananyamuke, ndi kudziwitsa achipatala msanga mlendo akadwala. Khonsolo ya Salima ikhoza kuzika zipilala zooneka pa mzere wa mamita 477 kuti wogula malo adziwe pamene nyanja imafika, ndi kuyendera matanki a zonyansa a mahotela chaka ndi chaka. Achipatala a Salima, Mangochi, Likoma ndi Lago akhoza kumauzana za odwala kolera tsiku lomwelo pafoni. Mzinda wa Lilongwe, umene ukufuna kumwa madzi a ku Lifuwu, uli ndi chifukwa chokwanira cholipirira mitengo ya ku Dzalanyama ndi ya m'mbali mwa Linthipe.

Palibe chimodzi mwa izi chimene chikufuna kuti mkangano wochokera pa pangano la 1890 uyambe watha. Nkhani ya mwini nyanja ikhoza kutenga zaka zina makumi, ndipo adzaithetsa ndi maloya ndi atsogoleri. Bungwe la mayiko atatu loyeza madzi, kugwirizanitsa nyengo zotseka ndi kuchenjezana za matenda likhoza kuyamba mawa popanda dziko lililonse kutaya zimene limanena pa malire, monga mmene Malawi ndi Tanzania akuchitira kale pa Songwe. Ndipo ntchito iliyonse yomangidwa m'gombe, yaikulu kapena yaing'ono, isanaikidwe mwala wa maziko iyenera kuyankha mafunso amene ntchito zambiri zakale zinawalumpha: chikadzaza adzapopa ndani, chikathyoka adzakonza ndani, ndipo ndalama zake zidzachokera m'thumba la yani?